Tsiku Limene Anatenga Chitseko

Ndinadzuka kusanache, huta, lipenga la pamgodi loitanira anthu kuntchito, isanalire. Sindinganene kuti ndinagona. Ndinangotsamira khoma mutu utalemera, ndipo potsegula maso ndinapeza nyali ili pafupi kuzima. Amuna anga, Bambo a Halima, anali pomwe tinawagoneka dzulo lake madzulo, pamphasa pakati pa chipinda, atafunditsidwa nsalu yoyera. Amayi anali atadzaza mbali zonse, ena atagona chokhala, miyendo atapinda, chifukwa nyumba za m'komboni n'zazing'ono. Panja amuna anali atasiya sikiri, nyimbo zathu zopemphera pamaliro, kunkangomveka kutsokomola. Kutsokomola kumeneko ndinkakudziwa bwino. N'komwe kunatenga amuna anga, amene analowa pansi pa mgodi akadali mnyamata.

Unali mwezi wa Juni, m'zaka za nkhondo zija, pamene magalimoto a asilikali ankadutsa pamsewu wa ku Bindura ndipo anthu ankaopa kusonkhana pokhapokha pamaliro kapena popemphera. Kunkazizira kwambiri. Mphepo inkachokera kudampu, phiri lija la mchenga woyera wotayidwa kuchokera mumgodi, n'kumalowera pansi pa chitseko. Ndinachotsa bulangete lomwe ndinafunda n'kutseka nalo mpatawo. Ndinaopa kuti malemu angamve chisanu. Nditakhalanso pansi m'pamene ndinazindikira zomwe ndachita.

Kutayamba kuyera, akazi a Shehe anasendera pafupi nane kudzandiuza za eda. Ndinkazidziwa, koma mwambo umafuna kuti wina akuuze. Mkazi wa Chisilamu amuna ake akamwalira amakhala m'nyumba yomwe ankakhalamo ndi amuna akewo miyezi inayi ndi masiku khumi. Satuluka pakhomo kupatula popita kuseri, atafunda. Sadzola zonunkhira, ndipo kwathu kuno salankhula ndi mwamuna amene si m'bale wake. Anati eda yanga inayamba pomwe mpweya wa malemu unathera. Ndinavomera ndi mutu. Iwo anayang'ana pansi, chifukwa tonse awiri tinkadziwa kuti palinso lamulo lina.

Lamulo la komboni linali lakuti nyumba ndi ya nambala. Mwamuna akalembedwa ntchito ankapatsidwa nambala, ndipo nyumba, leshoni ndi nkhuni zinkayendera nambala imeneyo. Mwini nambala akaikidwa m'manda, nyumba inkabwerera kwa eni mgodi. Mkazi analibe nambala. Pakanakhala mwana wamwamuna wamkulu woti alowe pansi m'malo mwa bambo ake tikanatsala, koma ine Mulungu anandipatsa ana aakazi okhaokha atatu, ndipo Halima, woyamba, anali asanakwatiwe. Kumudzi ndinalibeko. Bambo anga anabwera wapansi kuchokera ku Nyasalandi ine ndisanabadwe, ndipo dzina la mudzi wawo ndinkangolimva pakamwa pawo. Ndinabadwira m'komboni, n'kukwatiwiranso momwemo.

Huta italira, amuna a shifiti ya m'mawa anadzuka pamoto, anakung'untha phulusa m'mabuluku n'kupita kuntchito. Amayi anayatsa moto wawo pabwalo, tsidya la kanjira kodutsa pakhomo pathu. Anatereka migolo yodula pakati, wina wa tiyi, ina ya nyemba. Nyumba iliyonse ya pamzere wathu inatapako ufa pa leshoni yake. Nkhuni zinali zaziwisi, utsi unkakwawa pansi n'kumalowa m'nyumba, moti sunkadziwa amene akulira ndi amene akungotsukuluza maso.

Dzuwa litakwera anthu anayamba kuchuluka. Anabwera a m'makomboni ena. Anabwera a kumapulazi a malalanje ku Mazowe, atayenda kuyambira mbandakucha, milomo itang'aluka ndi chisanu. Anabwera amayi a mpingo wa Chikhristu, ana a anthu akwathu omwe, atavala mabulauzi oyera. Anabweranso amayi a Chishona a ku Chipadze, amene ankaoda masamba a m'dimba langa. Ankalowa chokwawa, kundigwira dzanja n'kunena kuti nematambudziko, mawu awo opepesa maliro, ine n'kumayankha monga amayankhira iwo. Dzanja langa linafika pochita dzanzi.

Cha m'mawa momwemo panabwera wapolisi wa komboni. Anali munthu wakwathu, wamtali, amene Lamulungu lililonse ankasewera bawo ndi malemu pansi pa mtengo wa mango. Anamwa tiyi ndi anzake, kenako anaitanira mlamu wanga pambali. Mlamu wangayo, mng'ono wa malemu, anabwera kudzagwada pakhomo. Anati ku ofesi akufuna kiyi maliro akangoikidwa, chifukwa nyumbayi aipereka kale kwa munthu wina. Anafunsa komwe kuli kiyiyo. Sindinafune kumuuza. Kiyiyo anali pansonga ya nsalu yanga, pomwe ndinkamumanga masiku onse.

Amene anamva zonsezi ali kumbuyo kwanga anali Abiti Jafali. Mayi ameneyu tinkakhala naye mzere umodzi kale. Amuna ake atamwalira, zaka zingapo m'mbuyomo, katundu wake anamuponya palole m'mawa wotsatira, eda isanafike ndi pena paliponse. Anakapeza kachipinda ka lendi ku Chipadze n'kuyamba kugulitsa tomato pamsika. Panali anthu, ngakhale a mumzikiti mwathu, amene ankamunena kuti ndi mkazi wothawa eda, ngati kuti anachita kufuna.

Anandinong'oneza kuti, "Kiyi usapereke, Make Halima. Umumange mfundo ziwiri."

Anatuluka n'kupita kumoto. Zomwe ankanena ndinkazimva bwino chifukwa mawu ake ndi a pamsika. Anati ife akazi kumanda sitipita, ndipo nthawi zonse amuna akanyamula jeneza, chonyamulira maliro chathu, timatsala n'kumatakasa nyemba. Anati lero, amuna akalowera kumanda, ife tilowere ku ofesi ya mzungu wa komboni, tikakhale pansi pabwalo pake mpaka anene kuti mkaziyu amalize eda yake. Anati la lero ndi tsiku lokhalo limene akazi ochuluka chonchi angayende pamodzi popanda wowafunsa. Wina anati amuna ake akamva amuthyola msana. Wina anafunsa kuti nyemba aziona ndani. Mayi wina wa Chishona anati mzungu akationa tonse aganiza kuti tabwera kudzapempha zisoti za nyali kuti nafenso tilowe pansi. Anaseka, kenako anakumbukira kuti ali pamaliro, n'kugwira pakamwa.

Nkhani inafika kwa amuna. Shehe anabwera ndi mlamu wanga kudzaima cha kumoto kuja. Anati maliro si malo a mkangano, ndipo masiku ano asilikali akaona gulu safunsa kuti mwadzera chiyani. Mlamu wanga anawonjezera kuti zikavuta, ochotsedwa ntchito ndi amuna. Abiti Jafali anagwada monga mwa ulemu, manja pamaondo.

"Shehe, eda munatiphunzitsa ndinu," anatero. "Tsono tiuzeni, mkaziyu akaikhalire kuti? Pasiteshoni ya sitima?"

Shehe anangoti Mulungu akuona.

"Akuonadi. Inu nyamulani wakufayo. Wamoyoyu tisiyireni ife."

Palibe anawaloleza, palibenso anawaletsa. Amuna anabwerera komwe anakhala.

Nthawi yosambitsa thupi itakwana amayi anatuluka, ine anandisunthira kukachipinda ka ana. Ndinkamva madzi akukhuthuka ndi mawu a Shehe otsika. Atamaliza kuveka sanda, nsalu yoyera ya maliro, anandiitana kuti ndiwaone komaliza. Nkhope inali itasalala, ngati ya munthu amene chifuwa chamuleka. Jeneza inali itabwera kuchokera kumzikiti, ili panja. Koma chitseko chathu chinkatsegukira mkati ndipo chinkagunda bedi, moti onyamula thupi sakanatha kukhota nalo popanda kulipendeketsa. Shehe anati munthu wakufa satulutsidwa chopendekeka. Mlamu wanga anatenga hamala, anagogoda mahinjesi, anazula chitseko n'kukachiyedzamiritsa kukhoma la panja. Palibe amene anaganizapo kanthu, ngakhale ine.

Ananyamuka itatha swala, pemphero lathu la masana. Mphepo inali itakula, fumbi la kudampu likuyera pamapewa a anthu. Amuna anapanga mizere iwiri, jeneza yofundidwa nsalu yobiriwira ikuyenda pamapewa pawo, uyu akalandira uyo n'kuthamangira kutsogolo kukadikira kulandiranso. Ankayenda msanga monga timachitira, akutchula dzina la Mulungu ndi mawu amodzi. Ine ndinaima mkati mwa khomo. Ndinaiona mpaka pampopi wa madzi, pomwe njira imakhotera kumanzere. Pamenepo m'pomwe ndinalekezera kuwaona Bambo a Halima.

Mawu a amuna asanazimirire, amayi anayamba kudzuka. Sanatenge ndodo kapena mwala. Anamanga nsalu m'chiuno, ena anabereka ana kumbuyo. Ovala mabulauzi oyera anasakanikirana ndi ovala mipango, a kumapulazi ndi a pamsika. Sanaimbe nyimbo. Kunkangomveka mapazi ndi kulira kwa kamwana kena. Halima anandiyang'ana, ine ndinamuvomera ndi mutu, iye n'kupita nawo. Mtima wanga unafuna kuti ndipite ndikadzinenere ndekha, popeza nkhani inali yanga. Koma chomwe ankapita kukapempha chinali chakuti ndisatuluke m'nyumbamo. Akazi a Shehe anatenga ana anga awiri aang'ono kupita nawo kwawo. Anandisiyira mayi wina wachikulire wa pamzere wathu, wa miyendo yotupa, amene sakanatha kuyenda mpaka ku ofesi.

Chibadwire sindinamvepo komboni itakhala chete chotero. Nkhuku zinayamba kuzungulira migolo. Patapita nthawi ndinamva fungo la nyemba zikupserera. Moto unali pafupi, tsidya la kanjira pomwepo, koma sindikanafikako. Mayi wachikulire uja anayesa kudzuka, miyendo inakana, anangokhala n'kumatukwana nkhuku.

Wapolisi uja anadzera njira ya kuseri, ali ndi mnzake wamng'ono. Anavula chipewa. Podziwa kuti sindingalankhule naye, analankhula kwa mayi wachikulireyo, maso ali pansi.

"Amayi, auzeni anamfedwa kuti ndatumidwa kiyi. Akakana, andiuza kuti ndichotse chitseko."

Umenewo unali mchitidwe wawo. Sankakoka munthu kumutulutsa. Ankangochotsa chitseko, chisanu ndi manyazi n'kumaliza ntchito yotsalayo. Mnzake uja anali atanyamula hamala ndi chitsulo chozulira. Anayang'ana pakhomo, anayang'ana kukhoma, n'kuona kuti ntchito awagwirira kale.

"Tiyi wa maliro ano akadali m'mimba mwako," anatero mayi wachikulire uja. "Mnzako wa bawo sanamukwirire n'komwe. Kodi kabudula wa khakiyo anakuveka mpaka kumaso?"

"Inenso ndili ndi nambala, amayi," anayankha motsitsa.

Anagwira chitseko, wina kutsogolo wina kumbuyo. Ndinadzuka n'kufika pakhomo. Zala za kumapazi kwanga zinali pasimenti ya pachiundo, pomwe nyumba imathera. Ndikanatambasula dzanja nditaponda panja kamodzi kokha, ndikanachigwira. Mwina akanachita manyazi kulimbana ndi mkazi wamasiye. Koma ndinaganiza kuti ndikatuluka n'kuyamba kukokana ndi amuna pabwalo, mawa anena kuti eda anaiswa yekha, ndipo zomwe anzanga akunena ku ofesi zikhala zopanda pake. Ndinaima pomwepo. Ananyamula chitseko n'kutsata njira yomwe inadzera jeneza ija. Msomali womwe malemu ankakolekapo chisoti chawo unali ukadali pachitsekopo. Anakhotera pampopi paja.

Ndinabwerera pamphasa. Mphepo tsopano inkalowa monse, ikuulutsa nsalu yotchinga kuchipinda cha ana. Aliyense wodutsa akanatha kundiona. Ndinafunda kumutu n'kutembenukira kukhoma.

Amayi sanabwerere pamodzi monga anapitira. Oyamba anafika awiriawiri, atatuatatu, n'kulunjika kumigolo, osayang'ana kunyumba kwanga. Ndinamva akupala nyemba zopserera ndi kuthiramo madzi. Patapita nthawi yaitali m'pamene linafika gulu lotsiriza, lochepa, Abiti Jafali ali patsogolo, Halima pambali pake, nsalu zawo zili mbuu ndi fumbi. Atafika pakhomo Abiti Jafali anaima. Anagwira hinjesi ya pamwamba, anaisiya, n'kulowa.

Anandifotokozera atakhala pansi, mawu atasasa. Anati anadzaza bwalo lonse la ofesi mpaka kuchipata, n'kukhala pafumbi miyendo atatambalitsa. Mzungu anasuzumira pazenera koma sanatuluke. Anatuluka mabalane wake, kalaliki yemwe amagawitsa leshoni, kudzafunsa chomwe akufuna. Abiti Jafali ananena za eda, ananenanso za iye mwini ndi za akazi ena amene anakwezedwa palole. Mabalane analowa, anatulukanso n'kunena kuti lamulo ndi lamulo, aliyense azipita kwawo. Palibe anasuntha. Dzuwa linapendeka iwo ali pomwepo, ana akulira ndi ludzu.

Kenako mabalane uja anaima pamasitepe n'kuyamba kutchula mayina a amuna awo. Sanakalipe, sanaopseze. Ankangoyang'ana mkazi, n'kutchula dzina la mwamuna wake ndi nambala yake, chifukwa nkhope zonse ankazidziwira pamzere wa leshoni. Mkazi amene mwamuna wake watchulidwa ankakhalabe pang'ono, kenako ankadzuka, kukung'untha nsalu, n'kumapita. Anatero mmodzimmodzi mpaka bwalo linayera.

"Sindikuwada," anatero Abiti Jafali. "Ana awo amadya nambala imeneyo."

Otsala anali okhawo amene analibe dzina la mwamuna loti litchulidwe: amasiye, amayi a pamsika a ku Chipadze, a kumapulazi angapo, ndi Halima. Mabalane anawayang'ana n'kulowanso mu ofesi. Galimoto ya asilikali inabwera kudzaima pachipata, injini ikulira, osatsikamo munthu. Iwo anakhalabe. M'pamene mzungu anatuluka, makiyi a galimoto ali m'manja, n'kunena m'Chilapalapa chake, chilankhulo cha pamgodi, kuti mkaziyo akhale mpaka mwezi uthe, ndipo pa tsiku lomaliza abweretse kiyi. Anakwera galimoto n'kumapita.

Mwezi unali utadutsa kale pakati. Ndinawerenga mumtima zomwe zatsala, n'kuona kuti sizikufika ngakhale pa chigawo cha eda.

"Ine sanandipatse ndi tsiku limodzi lomwe," anatero Abiti Jafali. Ankafuna kuti ndione kuti sanayende pachabe, ndipo ndinaona. Chiyambire komboni imeneyo, panalibe mkazi wamasiye amene mzungu anamutulukira pakhonde. Koma polankhula maso ake anali pakhomo paja. Anawonjezera motsitsa kuti analakwa kuchoka onse n'kusiya nyumba yopanda oilondera.

Amuna anabwera kuchokera kumanda, manja ndi mabuluku zili zofiira ndi dothi. Anasamba m'manja, anachita duwa yopempherera malemu, anadya nyemba zonunkha utsi popanda wodandaula. Ena anali atamva kale kuti mayina awo atchulidwa ku ofesi, ndipo ankadya osayang'ana akazi awo. Mlamu wanga anabwera kudzandiuza kuti awagoneka bwino, ngakhale dothi linali louma. Anayang'ana pomwe panali chitseko, anayang'ana manja ake, n'kunena kuti mawa akafunsa. Mmene ananenera, tonse awiri tinadziwa kuti sakafunsa.

Shehe anaima panja n'kulankhula ndi akazi awo kuti ine ndimve. Anati mkazi akatulutsidwa mokakamizidwa alibe tchimo, angathe kukamalizira eda kwina. Mawuwo anali abwino. Ndinadikira kuti atchule kwinako, koma anatsanzika.

Anthu anabalalika dzuwa lisanalowe, chifukwa masiku amenewo sunkafuna kuti mdima ukupeze pamsewu. A ku Mazowe ananyamuka oyamba. Amayi a pamzere wathu anatsuka migolo, anazima moto, ena anabwera kudzandigwira dzanja. Mmodzi mwa amene anadzuka msanga ku ofesi anasiya mtolo wa nkhuni pakhomo n'kuchoka mofulumira. Abiti Jafali anayenera kubwerera ku Chipadze, komwe tomato wake ankamudikira, koma anauza anzake kuti atsogole. Anapempha misomali iwiri kwa oyandikana nawo, anaikhoma ndi mwala pamwamba pa khomo, n'kupachikapo bulangete lake. Linali lalifupi. Pansi panatsala mpata woti galu n'kulowa osawerama. Anayala mphasa mopingasa pampatapo n'kugona chammbali, msana ataulozetsa panja.

Huta ya madzulo inalira. Ndinamva nsapato za amuna a shifiti zikudutsa pakanjira, zikuchepa, mpaka zinatha. Ana anga awiri aang'ono, amene akazi a Shehe anali atawabweretsa, anali atagona atakumbatirana. Halima anakhala pafupi nane, fumbi la pabwalo la ofesi likadali m'tsitsi mwake. Pakati pa chipinda, pomwe panagona bambo ake, simenti inali isanaume madzi osambitsira. Bulangete linkafufuma ndi mphepo n'kubwerera, linkafufuma n'kubwerera.

Ndinamva chinthu chikundikanikiza pantchafu. Ndinamasula mfundo ziwiri zija n'kutulutsa kiyi. Anali wofunda chifukwa chokhala pathupi tsiku lonse. Ndinayang'ana pazenera, pashelefu, pansi pa pilo, osapeza poti ndimuike. Ndinamumanganso pansonga ya nsalu yanga.